Madontho Atatu a Anathovu

Achemwali anabwera kuchokera kuchipatala ndi pepala limene linatizunguza mitu nyumba yonse. Panali patapita masabata atatu chiwachitireni opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero. Bala linali litapola, kudya anali atayambiranso, ngakhale kukalipa kumene anali atayambiranso, ndipo kwathu munthu akayamba kukalipa timadziwa kuti wachira. Ndiye tsiku limenelo anakhala pabenchi la pakhonde, n'kutambasula pepala lija pamiyendo, n'kutiuza kuti dokotala akufuna ayambe chithandizo china. Achipatala amachitchula kuti rediyeshoni, koma anthu mumsewu amangoti kuwotcha. Anayenera kupita masiku makumi awiri ndi asanu, Lolemba mpaka Lachisanu, masabata asanu osadumphitsa.

Ine ndine mng'ono wawo. Ndimaluka tsitsi mu saluni ya pafupi ndi msika, ndipo ndivomere pompano kuti ndine wapakamwa, ndimayamba ndalankhula, kuganiza pambuyo. Achemwali ntchito yawo ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu. Kuseri kwa nyumba yawo kuli kachipinda ka mabeseni atatu, thebulo lositira ndi zingwe zinayi zoyanikira. Anthu anawapatsa dzina lakuti Anathovu, chifukwa palibe anawaonapo manja ali opanda thovu la sopo. Banga la inki, la mafuta a galimoto, la dzimbiri, bweretsani, mawa mudzatenga malaya anu ali mbee. Amuna awo, alamu anga, amakonza nsapato pafupi ndi siteji ya basi. Iwo ndiye mawu amachita kuumira. Akalankhula kawiri pa tsiku, dziwani kuti kwagwa nkhani.

Nditamva za kuwotchazo ndinalusa. Ndinawafunsa achemwali ngati si dokotala yemweyo amene anatiuza kuti khansa yapezeka msanga, ndipo waichotsa yonse pamodzi ndi chiberekero. Nanga tsopano akufuna kuwotcha chiyani? Mu saluni nkhani zimenezi ndinali nditazimva zambiri. Akuti wolowa m'makina amenewo amatuluka wakuda ngati khala. Akuti tsitsi limathothoka lonse. Akuti munthu amanyamula mphamvu zoopsa m'thupi, moti sangayandikire mwana. Chonsecho m'nyumbamo munali kamdzukulu ka achemwali, ka miyezi isanu ndi iwiri, kamene kankakonda miyendo ya agogo ake kuposa ya mayi ake. Ndinanena zonsezi mokweza, manja ali m'chiuno, alamu akungoyang'ana pansi.

Achemwali anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anapinda pepala lija bwinobwino, ngati mpango wa kasitomala.

"Mawa tipitire limodzi," anatero. "Zimene wandiuzazi ukamuuze dokotala, osati ine."

Ndinapitadi, nditakonzekera mkangano. Dokotala anali bambo wa imvi pang'ono, wolankhula mosathamanga, ndipo chimene chinandifoola n'chakuti sanakwiye. Anati chimene anachotsa pa opaleshoni anachitumiza ku labotale, kumene anachidula tizidutswa n'kuchiyang'ana ndi makina okulitsa zinthu. N'zoona, khansa yooneka ndi maso inachotsedwa yonse. Koma ku labotale anapeza kuti chotupacho chinali chitalowa mozama, ndipo maselo ena a khansa anali atayamba kulowerera m'timitsempha tating'ono tapafupi. Zikatero pamakhala mantha akuti pena m'chiunomo mwatsalira maselo ochepa, osaoneka ndi maso ngakhale ndi makina ojambulira. Akasiyidwa angathe kukula, khansa n'kubwereranso, ndipo yobwerera imavuta kuchiza kuposa yoyamba. Ananenanso kuti si mayi aliyense wochitidwa opaleshoni amene amafunika rediyeshoni. Zotsatira za ku labotale ndi zimene zimanena, ndipo za achemwali zinanena kuti akufunika.

Ine ndinamufunsa ngati akufuna kuwotcha chinthu chimene iye mwini sakuchiona n'komwe. Mumtima ndinati apa ndamupanikiza. Koma amene anandiyankha ndi achemwali.

"Iwe, ukukumbukira zovala za ana a sukulu yogonera zija zinabwera ndi nsabwe?"

Ndinati ndikukumbukira.

"Ndinachapa, nsabwe zonse zinapita ndi madzi. Ukanayang'ana ukanati zatha. Koma ndinasita msoko uliwonse, kunja ndi mkati, simbi ili yotentha. Ndinkasita chiyani?"

"Mazira," ndinayankha motsitsa mawu.

"Mazirawo unawaona?"

Dokotala anaseka, anati zaka zonsezi wakhala akufotokozera anthu nkhaniyi sanapezepo njira yachidule chotero. Anangowonjezera kuti makinawo sawotcha ndi moto ngati simbi. Amatumiza cheza champhamvu chosaoneka, cholunjika pamalo amodzi. Kenako anatsindika za nthawi. Anati chithandizochi chimathandiza kwambiri chikayamba msanga bala likangopola, ndipo iye ankafuna chiyambe asanathe masabata asanu ndi limodzi chichitikireni opaleshoni. Anatipatsa tsiku lokajambulitsa, kuti a makina ayeze malo enieni owombapo.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo sindibisa. Tsiku lojambulitsa linali Lachinayi, m'sabata lachinayi. Tili pamzere, panatuluka mayi wamfupi wovala yunifolomu yobiriwira, magalasi ali pamphuno. Ndiye amene amagoneka odwala ndi kuyendetsa makinawo, ndipo tonse tinkangomutchula kuti mayi wa makina. Anati woperekeza alowe ndi wodwala, amvere limodzi malangizo. Ine mtima unali udakali wowawa ndi kugonja kwa tsiku lija. Foni inalira, kasitomala akufunsa za tsitsi lake, ndiye ndinawauza achemwali kuti alowe ndiwapeza. Sindinawapeze. Ola lonse ndinathera pakhonde, kukangana ndi munthu za mtundu wa ulusi wolukira.

Achemwali atatuluka tinanyamuka. M'basi ndinawafunsa zimene auzidwa, anati za kumwa madzi, zina zawathawa. Pambuyo pake anandiululira kuti atagona pa kabedi kolowa m'makina kaja, mantha anawatseka makutu, ankangoona milomo ya mayi uja ikuyenda. Anawapatsa ndi kapepala ka malangizo, koma kanalowa m'chikwama changa, pansi pa zipeso ndi mabotolo, ndipo sikanatulukemonso. Amati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma ine ngakhale za m'maluwazo ndinalibe.

Loweruka m'mawa achemwali anandiitanitsa. Ndinawapeza m'kachipinda kochapira atanyamula pitikoti yawo yoyera, nkhope ili yakugwa. Pa pitikotiyo panali mabanga a inki. Anandionetsa kumene inkiyo yachokera. Achipatala anali atawalemba timitanda titatu pakhungu, kamodzi pansi pa mchombo, tiwiri m'mbali mwa chiuno, n'kumatapo timapulasitala toonekera mkati. Chifukwa cha thukuta pulasitala imodzi inali itamatuka, inki n'kusungunukira pansalu.

Munthu wina akanangosintha pitikoti. Koma awa ndi Anathovu. Zaka makumi atatu akulimbana ndi mabanga a eni ake, lero ayende ndi inki pathupi pawo? Anati achipatala aja anamaliza ntchito yawo, anangoiwala kufufuta, monga amachitira telala ndi choko chake. Ine ndinavomereza ndi mutu, ndinati eya, n'chimodzimodzi choko cha telala. Kamtanda ka pamimba anali atakakhula kale ndi sopo ndi chinkhupule. Ta m'mbali tinkakanirira. Ndiye ine, katswiri, ndinatulutsa m'chikwama botolo la mankhwala amene timachotsera dayi wa tsitsi akadonthera pakhosi pa kasitomala. Tinagwirizana ngati sitinakanganepo chibadwire. Pofika masana khungu la achemwali linali lopanda kadontho, pitikoti ili pachingwe, ife tikumwa tiyi monyadira.

Lachitatu lotsatira linali tsiku loyamba kulandira chithandizo. Achemwali analowa, ine ndinakhala pabenchi. Sipanathe mphindi zisanu, chitseko chinatseguka, mayi wa makina n'kundikodola. Ndinawapeza achemwali atakhala m'mphepete mwa bedi, chimakina chili pamwamba pawo.

"Ndikufunsa za zizindikiro zimene ndinalemba zija," anatero mayi uja. "Zapita kuti?"

"Tinachapa, amayi," anayankha achemwali ndi mtima woyera. "Zinkathimbiriritsa zovala."

Mayi wa makina anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatikhazika pansi n'kutifotokozera kuti timitanda tija sitinali choko choiwalika. Tsiku lojambula lija anawagoneka achemwali mwanjira yakeyake, n'kulemba pakhungu pamene padutsa timizere ta kuwala tochokera m'makoma a chipindacho. Madokotala ndi akatswiri ena anatha masiku akukonza kuti cheza chiwombe pati, chilambalale pati, potengera zizindikiro zimenezo. Tsiku lililonse wodwala amagonekedwa chimodzimodzi, timizere ta kuwala tigwere pa zizindikirozo. Popanda izo cheza chingaphonye pamene chikufunika, n'kupweteka matumbo ndi chikhodzodzo pachabe. Anati iye sangayatse makina mongoganizira. Panafunika kujambulanso ndi kukonzanso zonse kuyambira pachiyambi.

Anayang'ana pa kompyuta kuti aone mzere wa ojambulitsa. Malo opanda munthu anali patsogolo masabata awiri, osawerengera masiku okonzera. Ndinawerenga ndi zala, n'kupeza kuti masabata a dokotala aja adzakhala atadutsa. Ndinaganiza za mazira a mu msoko aja, akupatsidwa mpata chifukwa cha foni yanga ndi botolo langa. Ndinachita mantha amene sindinachite ngakhale tsiku la opaleshoni.

"Amayi, wolakwa ndine," ndinatero, misozi ili chuchuchu. "Munandiitana kuti ndidzamvere, ine ndinali pa foni. Kapepala kanu kali m'chikwama muno. Mankhwala ofufutira ndinabweretsanso ndine. Chonde achemwali asavutike chifukwa cha ine."

"Kuno sitiweruza milandu," anayankha. "Nanenso ndinaona kuti akunjenjemera. Ndinayenera kuwapempha abwereze zimene ndawauza, koma sindinatero."

Anatiuza tidikire, n'kutuluka. Kudzera pagalasi la chitseko tinkamuona akulankhula ndi anzake awiri, kenako pa foni, kenako analowa mu ofesi ina. Anthu pamzere anali ambiri, ndipo panalibe amene akanamudzudzula akanatiuza kuti tibwere pakatha masabata awiri. Anabwerera patatha nthawi ndithu.

"Mawa nthawi ya nkhomaliro makina ojambulira amapuma ola limodzi. Ine ndi mnzanga tidzadya pambuyo. Okonza aja avomera kuti afulumiza. Musachedwe."

Mawa lakelo foni ndinaithimitsa ndili m'basi. Mayi wa makina anandiuza nditulutse kapepala kaja, kali kothimbirira ndi mafuta a tsitsi, ndiwerenge mokweza ngati mwana wa sukulu. Ndinawerenga, achemwali akubwereza pambuyo panga. Asanalowe m'makina azimwa madzi monga auzidwira, n'kudikira osapita kukataya madzi, chifukwa chikhodzodzo chikadzaza chimakankhira matumbo kutali ndi cheza. Pamalo owombedwapo azisamba ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira, osakhula. Azivala zotakasuka. Asapake mafuta kapena mankhwala alionse asanafunse. Pamenepa mayi uja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ine n'kuyang'ana kudenga.

Poti safunsa anadya phula, ndinakhuthula nkhani zonse za mu saluni. Anandiyankha imodziimodzi, osandiseka. Anati khungu la pamalopo lingathe kuda pang'ono kapena kuyabwa, koma munthu sapsa ngati khala. Tsitsi la kumutu silikhudzidwa, chifukwa cheza chimagwira pamene chalunjika pokha. Ndipo makina a mtundu umenewu akathima, m'thupi simutsala kanthu koopsa kwa ena. Agogo angathe kuchoka pabedi lija n'kukanyamula mdzukulu wawo tsiku lomwelo. Sanatibisire zovuta. Anati kutopa kudzabwera, mwina kutsegula m'mimba ndi kuwawa potaya madzi, makamaka kuyambira sabata lachitatu. Zimenezo zikachitika tizinena msanga, mankhwala alipo. Chimene sankafuna kumva ndi kujomba, chifukwa masiku odumphitsa amapatsa khansa mpata wopuma.

Atamaliza kujambula anawafunsa achemwali ngati angalole kuti ulendo uno aike zizindikiro zosafufutika, timadontho titatu tating'ono ngati mutu wa singano, tobaya pakhungu. Ine ndinali nditamuuza kale za dzina lawo lija.

"Madontho awa ngakhale Anathovu sangawachotse," anatero.

"Tiona," anayankha achemwali, ndipo kanali koyamba kuseka chilowereni m'chipinda chimenecho.

Chithandizo chinayamba Lachiwiri, m'sabata lachisanu ndi chimodzi, nthawi ya dokotala isanathe. Ndinakhala pabenchi ndikupemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa. Patangotha mphindi khumi ndi zisanu achemwali anatuluka akumanga mpango. Ndinawafunsa ngati zawawa, anati n'chimodzimodzi kujambulitsa chithunzi, chimakina chimangozungulira chikung'ung'udza, iwe uli phee. Atafika kunyumba ananyamula kamdzukulu kaja. Ine Loweruka ndinawaluka tsitsi dala, mizere yooneka patali, kuti a mu saluni aone kuti lidakalipo.

Masabata awiri oyamba anayenda bwino. Ankadzuka m'mawa, botolo la madzi m'manja, kukwera basi, kubwerera, kugona pang'ono. Mabeseni anawasiyira mwana wawo wamkazi, kusita anasiyira alamu. Alamu amadziwa nyundo ndi guluu, simbi sanaigwirepo. Tsiku loyamba anapsereza kolala ya malaya a mphunzitsi, achemwali n'kuwakalipira ali chigonere, kudzera pazenera. Pofika sabata lachiwiri bambo aja ankasita mathalauza mizere ili chilili, osanena kanthu.

Sabata lachitatu zimene ananena mayi wa makina zinafika. Kutsegula m'mimba kunayamba, kudya kunachepa, nkhope inalowa. Namwino anawapatsa mankhwala, n'kuwauza achepetse zamafuta ndi zatsabola, azimwa madzi ambiri. Zinkachepa, n'kuyambiranso. Achemwali sankadandaula, ankangochonga tsiku pa kalendala ya m'kachipinda kochapira. Koma m'mawa wa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chimodzi ndinawapeza atakhala pabedi, atavala diresi, mapazi ali pansi opanda nsapato, botolo la madzi lili pambali losatsegula. Anati miyendo yakana.

Chisoni chinandigwira, ndipo pakamwa paja panatsogolanso. Ndinati apume lero ndi mawa, masiku awiri okha sangaphe munthu, ambiri apita kale. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Sanatero, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa.

Pamenepo alamu analowa atanyamula nsapato zakuda za achemwali, zimene zinali zitatha zidendene ndi maulendo a kuchipatala. Anali ataziika pansi patsopano, mkati atayalamo kachikopa kofewa. Anagwada, bambo wamkulu ndithu, n'kuwaveka akazi awo phazi limodzi, kenako linalo.

"Pansi apa ndaika pa zaka khumi," anatero alamu. "Ndikufuna mupathe nokha."

Achemwali anawayang'ana amuna awo. Kenako anatsegula botolo, anamwa, anagwira phewa la alamu n'kuimirira. Anatembenukira kwa ine.

"Iwe, unayamba wandiona ndikubweza malaya nditangosita mkono umodzi wokha?"

Tinapita atatu, alamu atatseka ntchito. Titafika ndinauza namwino zonse osabisa. Dokotala anawayeza, anawaika madzi olowa m'mitsempha pamkono, anasintha mankhwala a m'mimba, n'kunena kuti angathe kulowa m'makina tsiku lomwelo. Mayi wa makina anawasungira malo mpaka masana. Anati tachita bwino kubwera, chifukwa wonena kuti wodwala apume ndi dokotala, osati kutopa, ndiponso osati mng'ono wake. Ndinavomera.

Masiku otsalawo achemwali anawayenda limodzilimodzi, osadumpha ngakhale limodzi. Ine ndakhala nawo moyo wanga wonse, ndimadziwa ukali wawo ndi liuma lawo, koma kulimba mtima kwawo ndinakuona m'masabata amenewo. Tsiku lomaliza atatsika pabedi lija, anagwira dzanja la mayi wa makina n'kuthokoza. Kenako anati pali kanthu kamene kawavutitsa masabata asanu onse, kuposa kutsegula m'mimba. Mayi uja anadzidzimuka, anafunsa kuti n'chiyani, bwanji sananene.

"Banga la inki lili pathumba la yunifolomu yanulo. Tsiku lililonse ndikagona apa limandiyang'ana. Ndipatseni ndikathane nalo."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Yunifolomuyo inabwerera patatha masiku atatu, yochapa Anathovu, yosita alamu, banga losadziwika kuti linali pati.

Kutopa kunatenga masabata angapo kuti kuthe, m'mimba namo munakhazikika pang'onopang'ono. Namwino anawaitana awiriwo, achemwali ndi alamu, kukawalangiza za m'nyumba ndi mmene angasamalire thupi pambuyo pa chithandizo. Kumeneko ine anandithamangitsa, ndipo sindinakane. Poyamba ankapita kukaonedwa miyezi itatu iliyonse. Tsopano papita zaka ziwiri, ndipo ulendo uliwonse dokotala akuti sakuona chizindikiro cha khansa. Achemwali amati linda madzi apite ndipo uziti ndadala, choncho tsiku lokaonedwa salijomba. Kamdzukulu kaja kakuthamanga, kakuponya nsapato za agogo ake aamuna m'beseni la thovu.

Nanenso ndinakayezetsa khomo la chiberekero, ndipo anandipeza ndili bwino. Mu saluni pakamwa panga papeza ntchito. Mayi akakhala pampando, mutu uli m'manja mwanga, sangathawe, ndiye ndimamuuza zimene ndikukuuzani inuzi. Kayezetseni msanga, chifukwa khansa imeneyi ikapezeka msanga imachizika. Opaleshoni ikatha, dokotala akanena kuti pakufunika rediyeshoni, sikuti opaleshoni yalephera ayi, akufuna kumaliza zotsalira zimene maso sangaone. Yambani pa nthawi imene wanena, musadumphitse tsiku, ndipo chovuta chilichonse kanenani kuchipatala m'malo mojomba. Zizindikiro zimene akulembani pakhungu musafufute. Inu operekeza, lowani mukamvere, foni ithime. Pamene simunamvetse funsani achipatala, osati a mu saluni.

Ena amakayikabe. Oterowo ndimawatumiza kuseri kwa nyumba ya achemwali, kukasiya zochapa. Kumeneko amapeza mayi wamphamvu, manja ali m'thovu, nsapato zakuda zili pakhomo. Akakhala azimayi okhaokha, achemwali amapukuta manja, amatsitsa mkawo wa siketi pang'ono, n'kuwaonetsa kadontho ka m'mbali mwa chiuno.

"Zaka makumi atatu palibe banga linandikanika," amatero. "Andikanika ndi atatu awa, ndipo sindiwakhudza. Ndi amene anaonetsa makina pamene panabisala mazira."